MAI MARGARET DRYBURGH, MMISHONALE AMENE ADAIMBITSA AKAIDI KU SUMATRA

Pa nyengo ya chikondwerero monga ino timakonda kutchula maina a amai amene adatitsogolera mu Mvano, amene ambiri a iwo tsopano adagona. Koma m'masamba ano ndafuna kuti tikumbukirenso mai wina wa kutali, amene sadapondepo dziko lathu lino, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri a inu simudamvepo dzina lake. Ameneyu ndi Mai Margaret Dryburgh, mmishonale wa mpingo wa Chipresibeteriya wa ku Mangalande, amene adamwalira m'ndende ya Ajapani pa chilumba cha Sumatra m'chaka cha 1945. Akadafika kuno, makolo athu akadawatchula kuti Dona, monga ankatchulira amai achizungu a pa mishoni. Mbiri yao ndi yoyenera m'buku la amai, pakuti ntchito imene adagwira m'zaka zitatu zotsiriza za moyo wao ndi yomweyi timagwira ife, ya kupemphera pamodzi, kuzonda odwala, kuimba ndi kuika maliro. Kusiyana kwake nkwakuti iwo adaigwira ali ndi njala, ali m'kati mwa mpanda wa waya waminga.

UBWANA NDI MAITANIDWE AO

Mai Dryburgh adabadwa m'mwezi wa Febuluwale chaka cha 1890 mu mzinda wa Sunderland, kumpoto chakum'mawa kwa Mangalande. Anali achisamba m'banja la Abusa William Dryburgh. Bambo aowo adatumikira zaka zingapo pa mpingo wa ku Swalwell, mudzi wa pafupi ndi mzinda wa Newcastle, ndipo nkomwe Margaret adakulira. Mwana wa abusa amakula akumva nyimbo m'mawa ndi madzulo, koma mwana uyu adalandira mphatso yoposera apo. Nyimbo akaimva kapena akaiimba pa piyano, inkakhazikika m'mutu mwake yonse yathunthu, mau apamwamba ndi apansi omwe, ndipo sinkachokamonso. Pa nthawi imeneyo panalibe amene akadalota kumene mphatsoyi idzagwire ntchito yake yaikulu.

Atakula adaphunzira za uphunzitsi ku Newcastle, nalandira digiri ya pa yunivesite ya Durham. M'masiku amenewo mtsikana wa digiri anali wosowa ngakhale ku Ulaya komweko. M'chaka cha 1911 adayamba kuphunzitsa pa sukulu ya sekondale ya ku Ryhope, kufupi ndi Sunderland, ndipo maphunziro ao anali mbiri yakale, Chifalansa ndi Chilatini. Adakhala pamenepo zaka 6. Ntchito inali yabwino, kwao kunali pafupi, ndipo akadatha kukalambira pomwepo mwaulemu. Koma m'chaka cha 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati, adasiya ntchitoyo nadzipereka ku utumiki wa mishoni. Adaphunziranso unamwino kuti kumene akupitako akathe kuthandiza thupi pamodzi ndi mzimu.

Pano pali chinthu chimene amai a Mvano tiyenera kuchiona. Mai ao a Margaret anali mmodzi wa amai achangu m'bungwe la amai a mpingo wao, limene linkasonkha ndalama ndi kutumiza amishonale achikazi ku maiko akutali. Tsono mwana amene adakula akuona mai ake akupita ku misonkhano ya amai, ndi kumva maina a maiko achilendo akutchulidwa m'mapemphero, ndiye adadzanyamuka kupita komweko.

KU CHINA NDI KU SINGAPORE

M'chaka cha 1919 adatumizidwa ku Swatow, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa dziko la China, umene lero amautchula Shantou. Anthu a kumeneko amalankhula chinenero cha Teochew, chimene chimavuta alendo kwambiri chifukwa tanthauzo la liu limasintha malinga ndi m'mene wakwezera kapena kutsitsira mau. Ifenso tili nako pang'ono, monga timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika, koma kumeneko pafupifupi liu lililonse nlotero. Mai Dryburgh adachidziwa chinenerochi m'zaka ziwiri zokha, ndipo ndiganiza kuti khutu lao la nyimbo lija ndilo lidawathandiza. Adaphunzitsa atsikana m'nyengo yovuta, pamene anthu ambiri a ku China anali atatopa ndi maiko a azungu amene ankawapondereza, kotero kuti mlendo aliyense, mmishonale yemwe, ankayang'anidwa ndi diso lokayika.

Patapita zaka zingapo adasamukira ku Singapore, chilumba cha kumapeto kwa dziko la Malaya, chimene nthawi imeneyo chinali m'manja mwa Angerezi. Anthu ambiri a ku dera la Swatow anali atapita kumeneko kukafuna ntchito, monga amuna athu ankapitira ku Joni ndi ku Harare, ndipo mpingo udawatsatira komweko. Motero chinenero chija chidagwirabe ntchito. M'chaka cha 1934 adaikidwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya Choon Guan, ndipo adaikweza kwambiri. Ankaphunzitsa makwaya, ankakonza madzulo a nyimbo kuti sukulu ipeze ndalama, ndipo ana amene ankabwera m'kalasi ali ofooka ndi njala ankawagulira mkaka ndi ndalama za m'thumba mwao. Chikadapanda kuchitika china, mbiri yao ikadathera pamenepa, ndipo ikadakhala ngati ya amishonale ena ambiri okhulupirika amene maina ao adaiwalika.

NKHONDO IFIKA

Pa 8 Disembala 1941 asilikali a Japan adakocheza ku Malaya, nayamba kutsika kumwera mwaliwiro loti palibe amene adaliyembekeza. Awa ndi Ajapani omwe aja amene agogo athu a KAR adakamenyana nao m'nkhalango za ku Burma m'chaka cha 1944. Pa 15 Febuluwale 1942 Singapore idagonja. M'masiku otsiriza mzindawo usanagwe, mabomba akugwa usana ndi usiku, amai ndi ana adadzazidwa m'sitima za pamadzi zamtundu uliwonse kuti athawe. Mai Dryburgh, amene tsopano anali ndi zaka pafupifupi 52, adakwera sitima yotchedwa Mata Hari.

Koma njira yothawira inkadutsa pa nyanja yopapatiza pakati pa chilumba chachikulu cha Sumatra ndi chaching'ono cha Banka, ndipo pamenepo nkuti sitima zankhondo za Ajapani zitafika kale, pa ulendo wao wokalanda zitsime za mafuta za ku Palembang. Sitima zambiri za othawa zidamizidwa pamalo amenewa. Mata Hari sidamire, koma idagwidwa, ndipo anthu ake adatsitsidwa pa doko la Muntok pa chilumba cha Banka. Kumeneko adakumana ndi ena amene adafika kumtunda atasambira kapena atakangamira matabwa, ena atapsa ndi dzuwa, ena atataya ana ao m'madzi. Mwa iwo munali anamwino a ku Australia a m'sitima ya Vyner Brooke, imene idamizidwa pa 14 Febuluwale. Anamwinowa adanyamuka ali 65. Okwana 12 adathera m'nyanja. Ena 22 amene adafika pa gombe lina adalamulidwa kulowa m'madzi, naomberedwa kumbuyo, ndipo adapulumukapo mmodzi yekha, Vivian Bullwinkel, amene adabisa bala lake nkudzalowa m'ndende pamodzi ndi anzake otsala.

M'GALAJA YA NAMBALA 9

Amuna adapatulidwa, ndipo amai ndi ana adaolotsedwa kupita ku Palembang. Dziko lonselo, limene lero ndi Indonesia, linkalamulidwa ndi Adatchi a ku Holland, osati Adatchi a ku South Africa amene tidawazolowera kuno. Ajapani adazinga ndi waya timisewu tina ta nyumba za Adatchi, naunjikamo akaidi. Nyumba yomangidwira banja limodzi inkasunga anthu 20 kapena 30, ndipo amene adasowa malo adagona m'magalaja. Mai Dryburgh ndi amai ena oposa khumi adakhala m'galaja ya nyumba ya nambala 9, pa simenti, popanda bedi kapena mpando.

Chakudya chinali mpunga wa miyala ndi anankafumbwe, ndi ndiwo zamasamba zofota zimene galimoto inkangozikhuthula pa msewu. Tsiku ndi tsiku amai ankaimikidwa pa mzere kuti awerengedwe, ndipo aliyense ankayenera kuweramira msilikali. Wowerama mosakwanira ankalandira khofi kumaso kapena kuimikidwa pa dzuwa. Koma opulumuka adasimba kuti vuto lina silidachokere kwa asilikali ai. Amai a Chidatchi ambiri adatengedwa m'nyumba zao za komweko, motero adalowa m'ndende ali ndi masutikesi, miphika ndi ndalama. Amai a Chingerezi ndi a ku Australia adavuuka m'nyanja ndi diresi limodzi lokha. Ena mwa iwo, amene ku Singapore anali ndi antchito ambirimbiri, tsopano ankachapa ndi kuwaza nkhuni za anzao kuti apeze kakobidi kogulira dzira. Zinenero zinali zosiyana, mipingo inali yosiyana, ndipo inu amai mukudziwa zimene zimachitika pamene mabanja ambiri akuphika pa mafuwa amodzi. Mikangano ya chitini cha madzi, ya chikuni, ya malo ogona, inali yosatha.

Mai Dryburgh anali mai wamfupi, wovala magalasi, wa tsitsi la imvi, amene sakadakopa maso a munthu pa msewu. Sadadikire kuti wina awasankhe. Adayambitsa mapemphero a madzulo m'galaja muja, kenaka mapemphero a Lamulungu a onse olankhula Chingerezi, pakuti abusa onse anali ku ndende ya amuna. Adayambitsa kalasi ya Baibulo ndi kwaya, adathandiza kuphunzitsa ana, ndiponso pamodzi ndi anzao ankatulutsa kanyuzi kolembedwa pamanja kamene kankayenda nyumba ndi nyumba. Ankalemba ndakatulo ndi kujambula zithunzi za m'ndendemo ndi pensulo. Mabuku a nyimbo kunalibe okwanira, tsono iwo ankalemba nyimbozo kuchokera m'mutu.

Adapekanso nyimbo yao, mau ndi maimbidwe omwe, imene idadziwika ndi dzina lakuti The Captives' Hymn, ndiye kuti nyimbo ya am'nsinga. Idaimbidwa koyamba Lamulungu pa 5 Julayi 1942 ndi amai atatu, mwini wakeyo pamodzi ndi Shelagh Brown ndi Dorothy MacLeod, ndipo kuyambira pamenepo inkaimbidwa Lamulungu lililonse mpaka ndende idatsekulidwa. Nyimboyi ndi pemphero. Imapempherera akaidi eni ake, abale ao amene sankadziwa kumene ali, dziko la kwao, ndi mitundu yonse ya anthu. Chimene chimandidabwitsa ndi chimene mulibemo. Mulibe liu lopempha kuti Mulungu abwezere adani. Tikawerenga Salimo 137 timaona ana a Israele ku ukapolo atapachika azeze ao, akukana kuimba m'dziko lachilendo, ndipo salimolo limatha ndi mau owawa a kubwezera. Sitingawadzudzule, pakuti zimene adaona zinali zoopsa. Koma mai uyu, amene ankagona ndi kudzuka pakati pa amai amene anzao adaomberedwa pa gombe miyezi isanu yokha yapitayo, adapatsa anzake pemphero limene angalinene popanda kudzutsa chidani m'mitima mwao. Sindikhulupirira kuti chinali chinthu chapafupi kwa onse amene ankaliimba.

Pa Khrisimasi ya 1942 padachitika kanthu kamene opulumuka sadakaiwale. Akaidi aamuna ankadutsa chapatali popita kukagwira ntchito, ndipo amai ankakwera pamalo okwera kuti mwina aone mwamuna kapena mwana wao. Tsiku lina amai adawaimbira nyimbo ya Khrisimasi mokweza, amunawo naima kumvetsera mpaka asilikali adawakankha. Pa ulendo wotsatira amuna aja adabweza nyimbo. Kwa mabanja ena kumeneko kudali kumvana mau kotsiriza.

KWAYA YOPANDA MAU

Mu Seputembala 1943 amai adasamutsidwira ku ndende ina mu Palembang momwemo, imene amuna adaisiya. Kunali zisakasa zazitali za nsungwi ndi udzu, pansi pali dothi, ndipo munthu aliyense anali ndi malo a kamkeka kopapatiza pa thandala. Mvula ikagwa, ngalande za zimbudzi zinkasefukira pabwalo. Munali amai ndi ana pafupifupi 600. Chaka chachiwiri chinali kutha, nkhani za kunja sizinkamveka, ndipo ambiri adayamba kungokhala duu, osafunanso kusamba kapena kupesa.

M'ndendemo munali Mai Norah Chambers, amene adaphunzira za nyimbo pa sukulu yotchuka ya Royal Academy of Music ku London. Iwowa ndiwo adabwera ndi ganizo lachilendo. Ku Ulaya kuli nyimbo zazikulu zimene siziimbidwa ndi pakamwa, koma ndi gulu la anthu ambiri oimba zitoliro, malipenga, ng'oma ndi mavayolini, amene ali ngati kaligo wathu. M'ndende munalibe choimbira ngakhale chimodzi. Tsono Mai Chambers adaganiza kuti mau a amai alowe m'malo mwa zoimbirazo. Vuto linali lakuti mapepala a nyimbozo kunalibe. Apa mpamene mphatso ya mwana wa abusa uja idapeza ntchito yake. Mai Dryburgh ankakhala pa thandala ndi kachidutswa ka pensulo, nalemba nyimbo zimene adazimva kapena kuziimba zaka 20 kapena 30 m'mbuyomo, popanda piyano yoyesera ngati akulondola. Kenaka awiriwa ankazigawa m'mau anai a amai okhaokha, masopulano awiri ndi maalito awiri. Pamapeto pake adakonza nyimbo pafupifupi 30. Mutu umodzi susenza denga: wina anali ndi nyimbo m'mutu, wina anali ndi luso lotsogolera oimba.

Amai amene mumatsogolera kwaya mukudziwa thukuta limene limagwa pophunzitsa nyimbo imodzi yatsopano, ngakhale oimba atadya nsima nkukhuta. Taganizani tsono kuphunzitsa amai 30 anjala, ambiri osadziwa kuwerenga manotsi, nyimbo zimene akatswiri amaziphunzira zaka. Misonkhano inali yoletsedwa, motero ankaphunzira m'timagulu, gulu lililonse palokha, madzulo atatha ntchito, kuseri kwa khitchini, mzere umodzi umodzi mpaka utalowa. Woimba aliyense ankakopera gawo lake pa kapepala kalikonse kamene adatola, akulemba tizilembo tating'onoting'ono kuti pepala likwane.

Nyimbozi zinalibe mau oti munthu awatanthauzire. Oimba ankangong'ung'uza kapena kutulutsa liu lopanda tanthauzo. Poyamba munthu angaganize kuti mmishonale akadayenera kukana zotere, nkuumirira nyimbo za m'buku zokha. Mai Dryburgh sadaganize choncho, ndipo ine ndiona kuti adalondola. Kufikira nthawi imeneyo Adatchi ankaimba paokha, Angerezi paokha, Akatolika kwao, Apulotesitanti kwao. Nyimbo yopanda mau sinali ya Chidatchi kapena ya Chingerezi, motero sisitere wa Chikatolika wa ku Holland, namwino wa ku Australia ndi mkazi wa bwana wa Chingerezi adatha kuima pa mzere umodzi, aliyense akumvetsera mnzake kuti asasokoneze. Amai amene adakangana m'mawa pa chitsime ankayenera kupumira limodzi madzulo.

Adaimba koyamba pa 27 Disembala 1943, pansi pa chisakasa cha pakati pa bwalo. Omvera adavala tinsanza tao tabwinoko, ena nabwerekana maliboni. Mai Dryburgh adaima kutsogolo nafotokoza chimene chiti chichitike, napempha anthu kuti atsinzine ndi kuganiza kuti ali m'nyumba yaikulu ya nyimbo kwao. Msilikali wina ataona khamulo adabwera akukalipa, mfuti ya mpeni kunsonga ili m'manja. Mai Chambers adakweza manja, kwaya niyamba motsitsa kwambiri nyimbo yodekha ya Antonín Dvořák, mbali ya nyimbo yake yaikulu yotchedwa New World Symphony. Msilikali uja adaleka kukalipa. Adakhala pansi namvetsera mpaka kumapeto. Padaimbidwanso nyimbo ya Chopin yotsanzira madontho a mvula, ndi ya abusa a ku Betelehemu ya m'buku la Handel la Messiah. Ambiri adalira. Opulumuka adanena pambuyo pake kuti kwa kanthawi adaiwala fungo la ngalande ndi njala ya m'mimba, nakumbukira kuti ndi anthu.

Tikamva za akaidi oimba timakumbukira Paulo ndi Sila m'ndende ya ku Filipi, ndipo timakumbukira kuti kudachita chivomezi, makomo natseguka. Ku Palembang chivomezi sichidabwere. M'mawa mwake amai adaimanso pa mzere, nawerama, nalandira mpunga wao wa anankafumbwe, ndipo zoopsa zenizeni zinali zisanafike.

MANDA A KU MUNTOK

M'chaka cha 1944 ndendeyo idalowa m'manja mwa asilikali enieni, ndipo chakudya chidachepanso. Amai adalamulidwa kulima mbatata ndi chinangwa pa dothi louma ndi makasu olemera, ndi kutunga madzi kutali othirira mindayo ndi osamba asilikali, pamene iwo eni ankalandira ochepa. Kwaya idaimbabe kangapo m'chaka chimenecho. Mu Okotobala adabwezedwa ku Muntok. Poyamba adakondwera poona zisakasa zatsopano ndi kamphepo ka kunyanja, koma posakhalitsa kudabuka malungo oopsa amene adawatcha malungo a ku Banka. Pamwamba pake panali kamwazi, ndi nthenda ya beriberi, imene imatupitsa miyendo ndi kufooketsa mtima chifukwa chodya mpunga woyera wokhawokha. Mankhwala kunalibe. Anthu adayamba kufa tsiku ndi tsiku.

Kwathu kuno mai sakumba manda. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu, ndipo ife timakhala m'nyumba ya siwa kuimba, kapena kuseri kuphika. Ku Muntok kunalibe adzukulu. Amai okhaokha, miyendo itatupa, ankakumba manda ndi makasu, nanyamula mabokosi a matabwa osalimba kupita nao kunja kwa mpanda. Ena ankasema mitanda ya mitengo, nalembapo maina ndi chitsulo chootcha pamoto. Pa maliro ambiri a olankhula Chingerezi, amene ankatsogolera mwambo anali Mai Dryburgh. Ankayenda m'zisakasa za odwala, kuwerengera amene maso ao adachita mdima ndi kupemphera ndi amene anali kutsirizika. Adaika m'manda anzao a m'galaja ija, ndi oimba amene adawalembera manotsi ndi dzanja lao. Pamene oposa theka la oimbawo adamwalira, ndipo otsala analibe mpweya wokwanira kukoka liu, kwaya ija idatha. Nyimbo ya am'nsinga yokha ndiyo inkamvekabe Lamulungu.

Mu Epulo 1945 Ajapani adawasamutsanso. Odwala adanyamulidwa pa machira kutsika mlatho wautali wa pa doko, nakwezedwa m'sitima yothithikana. Adaoloka nyanja pa dzuwa loswa mtengo, nakwera mtsinje wa Musi mpaka ku Palembang. Amene adafera m'njira adaponyedwa m'madzi. Kuchokera apo adatsekeredwa m'mabogi a sitima ya pamtunda mpaka ku Lubuklinggau, kenaka pa malole mpaka ku Belalau, munda wa mitengo ya mpira umene udasiyidwa, wonga uja wa ku Vizara ku Nkhata Bay koma utamera thengo. Ulendowu udatenga masiku atatu. Mai Dryburgh adafika ali ofooka kotheratu, ndipo kamwazi adawagwira. Pomwe ankatsirizika ankayesa kunena Salimo 23 koma mphamvu zidawathera, tsono mnzao amene adakhala pambali pao adawanenera mpaka kumapeto. Adamwalira pa 21 Epulo 1945 ali ndi zaka 55. Amai anzao adawakumbira manda pakati pa mitengo ya mpira, naimikapo mtanda wa mtengo.

Japan idagonja pa 15 Ogasiti chaka chomwecho, pasanathe miyezi inai. Amai a ku Belalau adauzidwa patapita masiku, ndipo adatulutsidwa mu Seputembala. Mwa anamwino 32 a ku Australia amene adalowa m'ndende, 8 adafera momwemo ndipo 24 adabwerera kwao. Patapita zaka mafupa a Mai Dryburgh adafukulidwa nakaikidwa ku manda a nkhondo a Adatchi pa chilumba cha Java.

TIMAPEPALA TIJA

Mai Chambers adapulumuka, ndipo adakhala moyo mpaka chaka cha 1989. Oimba ena adatuluka ndi timapepala tao ta manotsi, atatisunga pa maulendo onse aja pamene zovala ndi mbale zomwe adazigulitsa kuti apeze chakudya. Mmodzi wa iwo anali mtsikana wa Chidatchi, Antoinette Colijn, amene adalowa m'ndende pamodzi ndi abale ake awiri. Patapita zaka zoposa 30, ali ku Amereka, adaona kuti zolemba za pensulo zija zayamba kufufutika, napereka kabuku kake ku yunivesite ya Stanford ku California. Kwaya ina ya amai ya kumeneko, Peninsula Women's Chorus, idaphunzira nyimbozo niziimba m'chaka cha 1982, ndipo pambuyo pake ena mwa opulumuka, tsopano ali agogo, adayenda ulendo wautali kukazimvanso. Akatswiri atayerekeza zolemba za Mai Dryburgh ndi mabuku enieni a nyimbozo adadabwa kuona m'mene adalondolera.

Mkulu wake wa Antoinette, Helen Colijn, adalemba buku la mbiriyi lotchedwa Song of Survival, ndipo namwino Betty Jeffrey anali atalemba kale lake, White Coolies, m'chaka cha 1954. M'chaka cha 1997 kudatuluka kanema wotchedwa Paradise Road, wokonzedwa ndi Bruce Beresford. Amene mudzamuone mudziwe kuti okonza adasintha maina ndi kuonjezamo zina za m'mutu mwao, monga amachitira a kanema. Mmishonale wa m'menemo adamutcha Margaret Drummond, ndipo adaseweredwa ndi Pauline Collins. Koma nyimbo zimene zimamveka m'kanemayo adazitenga m'timapepala tomwe tija, ndipo adaziimba ndi amai a kwaya ya ku Haarlem ku Holland, m'mau anai, monga zidalembedwera pa thandala la nsungwi ku Palembang.